Giripu ya njinga yamoto yakakamira pa handulo, ndiichotse bwanji?

Wa Boxer, Rosettenville:
Akuluakulu mwaswera bwanji nonse pagulu pano la oyendetsa njinga zamoto kuno ku Joni (Johannesburg). Ndithandizeni nzeru. Magiripu a njinga yanga, malabala ogwirira pa handulo aja, atha. Ya kumanzere yang'ambika kumapeto mpaka chitsulo chikuonekera, ya kumanja, ku throttle yopotokola powonjezera moto ija, yayamba kunata, ndikagwira opanda magolovesi dzanja limatuluka lakuda bii. Ndagula atsopano lero, koma akalewa akukanirira. Ndakoka, ndapotokola, sakusuntha ngakhale pang'ono. Njinga ndi Boxer 150, si yanga, ndimalipira bwana pa sabata, ndiye sindikufuna kuwononga kanthu. Mawa m'mawa ndiyenera kukhala pamsewu kutenga maoda operekera katundu.

Mnyamata wa ku Cosmo City:
Aise, ingothira Q20, mafuta opopera a m'chitini aja. Lowetsa kapaipi kake kaja pansi pa labala, popera, dikira pang'ono kenako potokola. Imatuluka yokha imeneyo.

A Phiri, makaniko ku Booysens:
Mphwanga wa ku Rosettenville, tisanafike pa zothirathira undiyankhe kaye. Magiripu akalewo ukuwafunabe, kapena ndi otaya?

Wa Boxer, Rosettenville:
Ndi otaya madala. Palibenso chomwe ndingawasungire.

A Phiri, makaniko ku Booysens:
Ndiye usathe mphamvu ndi kukoka, ingowadula. Tenga mpeni wakuthwa, uja wodulira makatoni, uyambire ku mbali ya maswitchi ndi kucheka m'litali mpaka kumapeto kwa handulo. Mpeni uzipita kutali ndi thupi lako, ndipo dzanja linalo lisakhale kutsogolo kwake. Ukacheka, gwira m'mphepete mwa labala ndi pulayala n'kumasenda pang'onopang'ono.

Koma umvetse bwino apa, chifukwa mbali ziwirizi si zofanana. Kumanzere, ku kilatchi, labala wakhala pa chitsulo chenicheni cha handulo. Kumeneko mpeni ukakanda pang'ono si nkhani yaikulu, ngakhale sitifuna mkwasa wakuya chifukwa dzimbiri limayambira pomwepo. Kumanja ndi kwina. Labala wa kumanja sanakhale pa chitsulo ayi, wakhala pa kapaipi ka pulasitiki kamene kamazungulira pa handulo n'kumakoka chingwe cha throttle. Kapaipi kameneko ndi kopyapyala. Ukakanikiza mpeni mmene ungakanikizire kumanzere, ukang'amba, ndipo kapaipi kong'aluka kamakodwa pozungulira. Ndiye kumanjako uzicheka mwapamwamba, kawiri katatu pa mzere womwewo, mpaka labala atatsala pang'ono kuduka, chotsalacho ung'ambe ndi zala.

Che Mjomba, Mayfair:
Zoona a Phiri. Ndiwonjezerepo kuti injini ikhale yozima, kiyi ali m'thumba, njinga ili pa sitandi yapakati ngati ilipo. Komanso uyang'ane kumapeto kwa handulo. Njinga zina zimakhala ndi kachitsulo kolemera komangidwa ndi bawuti kumapetoko, kochepetsa kunjenjemera. Ngati kalipo, kachotse kaye. Anyamata ena amalimbana ndi giripu tsiku lonse pomwe chikuitchinga ndi kachitsulo kameneko.

A Mwale, Randburg:
Ine ndimagwira ntchito pamalo omata matayala, ndiye njira yanga ndi mpweya. Kwa amene akufuna kuchotsa giripu yabwinobwino osaiwononga, mwina akusintha handulo yopindika, palibe choposa kompuresa. Umatukula m'mphepete mwa labala ndi kasikuludiraiva kakang'ono, n'kulowetsa mlomo wa mfuti ya mpweya ija, n'kuwomba. Labala amafufuma, amasiyana ndi chitsulo, ndipo ukamawomba uku ukupotokola giripu imatsetsereka yokha m'manja mwako. Guluu akakhala wochuluka umazungulira nayo mbali zonse mpaka atalekerera.

Dziwani kuti paipi yopopera matayala ya pa galaja yothira petulo siigwira ntchito imeneyi, chifukwa mlomo wake ndi wa pa valuvu. Pitani kwa omata matayala kapena kwa makaniko amene ali ndi mfuti ya mlomo wosongoka. Maso muziwateteza, mumatuluka fumbi ndi tizidutswa ta guluu, ndipo mpweyawo musaulozetse pa khungu.

Mnyamata wa ku Cosmo City:
Koma akuluakulu, Q20 walakwanji? Ine ndimachotsera yemweyo ndipo sanandikanepo.

A Phiri, makaniko ku Booysens:
Pochotsa amagwira ntchito, zimenezo sindikutsutsa mwana wanga. Vuto ndi zimene amasiya. Q20, WD-40 ndi ena onse otere ali ndi mafuta, ndipo mafutawo amatsala pa chitsulo. Ukabwera ndi giripu yatsopano n'kuiveka pamwamba pa mafuta, guluu sagwira. Lero iwoneka yolimba, koma tsiku lina ukuswa buleki mwamphamvu, thupi lonse lalemera pa manja, giripu n'kuzungulira kapena kuvuka. Ngati wathira, ndiye utsuke chitsulocho mpaka chala chikamadutsapo chizilira. Ngati ukufuna kuibwezeretsa giripu yomweyo, usathire n'komwe, chifukwa mafuta akalowa m'kati mwa labala kuwachotsa ndi ntchito.

Chimene ine ndimagwiritsa ntchito ndi sipiriti uja wapepo, methylated, amene amapezeka m'masitolo a hadiweya ngakhale m'magolosale. Ndimalowetsa sipoko ya njinga yakapalasa pakati pa labala ndi chitsulo, n'kuthira sipiriti m'mpata umenewo, n'kumayendetsa sipokoyo mozungulira. Amaterera bwinobwino kwa kanthawi, kenako amauma osasiya kanthu.

Wa Boxer, Rosettenville:
Ndabwerako madala. Ya kumanzere yatuluka, ndacheka mmene munanenera. Koma pansi pake sipakuoneka bwino. Pali guluu wachikasu wouma gwa, tizidutswa ta labala tomatirira, ndipo chakumapeto kuli dzimbiri lofiira ngati mainchi awiri. M'kati mwa paipi mwatuluka timadzi takuda.

Che Mjomba, Mayfair:
Madziwo analowera pong'ambika paja. Njinga ikagwa, ngakhale kugwa kwa pa sitandi, chimayamba kugunda pansi ndi kumapeto kwa handulo, ndipo chitsulo chimaboola labala kuchokera m'kati. Kuyambira tsiku limenelo mvula iliyonse imalowa. Pendeketsa njinga madziwo atuluke onse.

A Phiri, makaniko ku Booysens:
Apa ndiye pali ntchito yeniyeni, ndipo ndi pamene ambiri amathamangira. Kuchotsa giripu ndi mphindi zochepa, kuyeretsa handulo ndiye kumafuna mtima. Pala guluu wakaleyo ndi kumsana kwa mpeni kapena kachitsulo kosathwa. Wotsalayo mufewetse ndi sipiriti pa kansalu. Akakanika, thinala amachotsa, koma phimba thanki ndi nsalu ndipo asakhudze bokosi la maswitchi, chifukwa amadya penti ndi pulasitiki. Pa dzimbiripo pita ndi sandipepala wosalala mpaka chitsulo chiwale. Gwiranso kumapeto kwenikweni kwa paipi ndi chala. Pakakhala pakuthwa chifukwa cha kukhulika pa tala, pasalaze ndi fayilo, apo ayi padzaboolanso giripu yatsopanoyo sabata yomweyi.

Ukatha, pukuta komaliza ndi sipiriti pa kansalu koyera, usagwirenso ndi manja a girizi.

Ndipo poti chitsulo chili poyera, imirira kutsogolo kwa njinga uyang'ane ngati mbali ziwiri za handulo zikufanana. Ikakhala yopindika kapena uone kamng'alu, imeneyo si nkhani ya giripu, umuuze mwini njinga asinthe handulo.

Kabaza wakale, Diepsloot:
Ndifunse nawo pomwepa. Ine ndinagula magiripu mwezi watha, nditatsegula paketi ndinapeza kuti imodzi ili ndi bowo lalikulu kuposa inzake. Ndinawasunga poganiza kuti anandipatsa osiyana. Ndikabweze?

A Mwale, Randburg:
Musabweze achimwene, amabwera choncho. Handulo ya njinga zathu zoperekera katunduzi, kaya Boxer, Big Boy, TVS kapena Honda Ace, ndi ya 22 mm, imene ena amati 7/8 ya inchi. Giripu ya bowo laling'ono ndi ya kumanzere, yokhala pa chitsulo. Ya bowo lalikulu, pafupifupi 24 kapena 25 mm, ndi ya kumanja chifukwa imavala pamwamba pa kapaipi ka throttle. Mukazisinthanitsa, ya kumanzere imangozungulira ndipo ya kumanja siilowa ngakhale mutamenya bwanji. Chimene muyenera kuonetsetsa pogula ndi choti pa paketi palembedwa 22 mm, chifukwa alipo ena a inchi imodzi, 25.4 mm, a njinga zikuluzikulu ngati Harley-Davidson, amenewo kwa ife ndi aakulu. Muyezenso kutalika ndi akalewo, ambiri amakhala pakati pa 120 ndi 130 mm. Komanso ngati handulo yanu ili ndi tizitsulo ta kumapeto tija ananena Che Mjomba, mufunika magiripu oboola kumapeto.

Kabaza wakale, Diepsloot:
Zikomo kwambiri a Mwale, mwandipulumutsira ndalama ya takisi.

Wa Boxer, Rosettenville:
Ya ku throttle ndiye yandivuta. Ndacheka mwapamwamba, koma labala sakusendeka, akungoduka tizidutswatizidutswa ngati anaumbidwira pa pulasitiki pomwepo. Pomwe ndasendapo ndikuona timizere totukuka pa kapaipi.

A Phiri, makaniko ku Booysens:
Zimachitika. Njinga zambiri zimachokera ku fakitale labala wa kumanja atamatidwa kolimba pa kapaipi, ndipo timizere ukuonato anatiika dala kuti labala asazungulire. Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kupirira, kusenda kachidutswa kamodzikamodzi, kenako kupala zotsala. Giripu yatsopano ikakhala yosalala m'kati ndipo ikukana kudutsa pa timizereto, umatitsitsa ndi fayilo, koma osafika poboola kapaipi. Yachiwiri, imene ine ndimalangiza munthu amene njinga ndi munda wake, ndi kugula kapaipi katsopano ka mtundu wa njinga yako. Nthawi zambiri kamagulitsidwa labala ali kale pomwepo, ndipo si kodula poyerekeza ndi tsiku limene ungataye.

Kusintha kwake sikovuta. Pansi pa bokosi la maswitchi a kumanja pali masikuluwu, kawirikawiri awiri. Ukamasula bokosilo limagawika pakati, ndipo uona mutu wa chingwe utakola m'kabowo ka pa kapaipi. Jambula chithunzi ndi foni usanachotse kanthu, kuti udziwe mmene chingwe chinadutsira. Chotsa mutuwo, solola kapaipi, pukuta chitsulo cha pansi pake. Pamenepo pokha ndi pamene mafuta ali ololedwa, tigirizi tochepa kwambiri topepuka pakati pa chitsulo ndi kapaipi, kuti kazizungulira mofewa. Pobwezeretsa bokosi, yang'ana ngati lili ndi kamsomali kolowa m'kabowo ka pa handulo. Kakapanda kulowa n'kumanga mokakamiza, kamathyoka, ndipo bokosi lonse lidzayamba kuzungulira limodzi ndi throttle.

Mnyamata wa ku Cosmo City:
Poveka zatsopanozo, super glue basi aise. Madontho angapo, siidzachokanso mpaka njinga idzagulitsidwe.

Che Mjomba, Mayfair:
Iyayi mwanangu, super glue ayi. Choyamba, amauma usanamalize kulowetsa, giripu n'kuima pakati, kutsogolo osapita, kumbuyo osabwerera. Chachiwiri, akauma amakhala wophwanyika, ndipo njinga zathu za silinda imodzizi zimanjenjemera tsiku lonse. Chachitatu, ndi wamadzimadzi, amayenda. Dontho limodzi likalowa pakati pa kapaipi ndi handulo, throttle yamatika. Ndipo ganizirako munthu amene adzachotse giripu imeneyo chaka chamawa, mwina ndi iwe wemwe.

Kabaza wakale, Diepsloot:
Kumudzi pa siteji ya kabaza tinkangoviika m'petulo, labala amafewa n'kulowa mosavuta. Zikamasuka tinkakulunga ndi malegeni, kumapitiriza ntchito.

A Phiri, makaniko ku Booysens:
Ndikudziwa achimwene, nanenso ndinaziona ku Lilongwe ndi ku Limbe. Petulo amalowetsadi, koma amadya labala, giripu imafufuma kenako imayamba kunata msanga. Komanso ambirife kuno tikukonzera njinga pakhonde la fulati kapena pabwalo la nyumba yogawana zipinda, mnzako akusuta pafupi, wina wayatsa mbaula poti kukuzizira. Musasewere naye petulo m'malo otere. Ngakhale sipiriti ndi thinala amayaka, muzigwirira ntchito panja, kutali ndi moto.

A Mwale, Randburg:
Sopo wamadzi wotsukira mbale nayenso ndi msampha. Amalowetsa bwino, amauma, munthu n'kumati zatheka. M'nyengo yozizira ino simuona vuto chifukwa Joni sikugwa mvula mu June ndi July. Dikirani October afike, mvula ya mabingu ija yoyamba masana, madzi alowe pansi pa labala. Sopo amadzukanso, giripu n'kuyamba kuterera muli pakati pa msewu waukulu wa M1. Sanitaiza wa m'manja uja tinazolowera mu 2020 ena amathiranso poti muli sipiriti, koma ambiri amaikamo zofewetsa khungu, ndipo zimenezo siziuma.

AnaBanda, Yeoville:
Pepani abambo ndilowererepo, ine ndimagwira ntchito mu saluni ndipo amuna anga amayendetsa njinga. Ndawerenga anthu akunena kuti hairspray, yopopera m'tsitsi ija, ndiye yabwino, ndipo anyamata a njinga amabwera kudzandipempha. Zoona, ikakhala yonyowa imaterera, ikauma imamata. Koma ine ndimaidziwa bwino, anaipanga kuti munthu akasamba ichoke m'tsitsi. Ndiye ikamachoka ndi madzi m'mutu, pa handulo ya munthu woyenda m'mvula ikhala bwanji? Kwa munthu woyendetsa Lamlungu lokha mwina ndi yokwanira. Kwa inu amene maoda amachuluka nthawi ya mvula yomweyo, ine mtima wanga sukhazikika. Amuna anga ndinawauza kuti akagule guluu weniweni.

A Phiri, makaniko ku Booysens:
Mayi mwalasa. Ndi mmenemo. Ine hairspray ndimavomera pa giripu yothina kale, yotseka kumapeto, ndipo ndimawonjezera waya. Popanda zimenezo, guluu.

Tsono mphwanga, tamvera mmene uvekere. Guluu wabwino ndi uja wopangidwira magiripu, amagulitsa m'masitolo a zipangizo za njinga zamoto m'kachubu kakang'ono. Akasowa, guluu womatira nsapato kapena womatira zigamba za machubu amathandiza, ndipo ena amapopera penti wa m'chitini pang'ono m'kati mwa giripu, nayenso amagwira akauma. Chilichonse ungasankhe, chikhale chochepa.

Poti kukuzizira, labala walimba. Ika magiripu m'thumba la pulasitiki, umange, uliviike m'madzi otentha kwa mphindi zingapo kuti afewe koma m'kati musalowe madzi. Usanapake guluu, yesa kaye kuona mbali imene maluwa a giripu akuyenera kuyang'ana, chifukwa guluu akalowa nthawi yoganiza palibe. Kumanzere, paka guluu wopyapyala pa chitsulo ndi pang'ono pakamwa pa giripu, kenako kankha kamodzi n'kamodzi uku ukupotokola mpaka ifike. Usaime pakati. Giripu ikakhala yotseka kumapeto, mpweya umatsekeredwa m'kati n'kumaibweza, ndiye tukula m'mphepete pang'ono utuluke. Pomaliza menya kumapeto ndi chikhatho. Usaikoke kuchokera kutsogolo, imatanuka n'kukhala yaitali kuposa mmene ilili.

Kumanja ndiye utsegule maso. Guluu apite m'kati mwa giripu ndi pakati pa kapaipi, osati kumapeto kwake. Giripu ikamalowa imakankha guluu kutsogolo, ndipo akachuluka amakathera m'bokosi la maswitchi. Kumapeto kwa kunja nakonso, akadontha amalowa pansi pa kapaipi. Siya kampata pakati pa mlomo wa giripu ndi bokosi la maswitchi, kokwana khadi la ku banki kulowa momasuka. Kumapeto nakonso labala asakhule chitsulo cha handulo kapena kachitsulo kolemera kaja. Guluu asanaume, tsegula throttle mpaka kumapeto n'kuisiya. Iyenera kubwerera yokha msangamsanga, umve kuti thwa. Ikabwerera mozengereza, kapena uchite kuibweza ndi dzanja, pali chimene chikukhula, ndipo njingayo isatuluke pageti.

Che Mjomba, Mayfair:
Mawu omalizawo muwawerenge kawiri anyamata. Ndinaona ndi maso anga pa msewu wa Louis Botha, chakufupi ndi Orange Grove. Mnyamata wa kwathu ku Mangochi anali kutsogolo kwanga, bokosi lodzaza chakudya kumsana. Loboti inasintha, takisi ya kutsogolo inaima mwadzidzidzi kutsitsa munthu. Ndinaona dzanja lake likusiya throttle kupita ku buleki, koma injini inapitiriza kulira mokweza. Tayala la kutsogolo linagwira, la kumbuyo likukankhabe, njinga inapinga n'kumugwetsera m'mphepete mwa msewu. Mwayi wake sanali pa liwiro lalikulu, anasupuka bondo ndi chigongono, chakudya chonse mbwee pa tala. Titaidzutsa njinga ndinagwira throttle, inali yolimba, ukaitsegula imakhala pomwepo. Magiripu anali atsopano, owala, koma ya kumanja anaikankha mpaka mlomo wake unapanikiza bokosi la maswitchi. Ndinangoibweza pang'ono ndi sikuludiraiva, throttle n'kuyamba kubwerera bwinobwino. Kampata kochepa ngati chikhadabo ndi kamene kanasowa.

Ndiye muzikumbukiranso kuti zikakuchitikirani pamsewu, kokani kilatchi msanga, injini ilire yokha, kenako muzimitse ndi switchi yofiira ngati njinga yanu ili nayo, kapena ndi kiyi mukaima.

AnaBanda, Yeoville:
Mayo ine. Mulungu azikusungani abale anga pamsewupo. Ndiwaonetsa amuna anga uthenga umenewu akabwera.

Mnyamata wa ku Cosmo City:
Madala, nanga za waya munanena zija zimakhala bwanji? Makebulo tayi sangagwire?

A Phiri, makaniko ku Booysens:
Kebulo tayi ili ndi mutu, ndipo mutuwo udzakutupitsa chikhatho pofika madzulo. Waya ndi njira ya anthu a njinga za m'tchire, n'chifukwa chake magiripu ena amabwera ndi timigula tozungulira, kumayambiriro, pakati ndi kumapeto. Umatenga waya wopyapyala wosachita dzimbiri, kuzunguliza kawiri m'kamgulako, kupota ndi pulayala mpaka alowe pang'ono m'labala, kudula, kenako kupinda nsonga yake n'kuibisa m'labala momwemo. Popotapo pakhale pansi pa handulo, kumene zala sizifikako kwambiri, apo ayi ing'amba magolovesi. Ubwino wake wina ndi woti amatseka njira ya madzi. Kumanja usamange mopitirira, ungafinye kapaipi n'kubweretsa vuto lomwe tikulithawali.

Wa Boxer, Rosettenville:
Ndathamangira kusitolo asanatseke, ndapeza kapaipi katsopano ndi guluu. Kumanja ndasintha konse, throttle ikubwerera bwino. Kumanzere ndaveka ndi guluu. Funso langa, mawa sikisi koloko ndingatuluke?

A Phiri, makaniko ku Booysens:
Werenga pa chubu cha guluuyo, utsate zimene alemba. Ambiri amafuna usiku wonse, ena maola 24, ndipo kukazizira amachedwa kuuma. Usiku wa June kuno kumagwa chisanu, ndiye ngati n'kotheka ilowetse njinga m'kati. Usamangoipotokola kuti uone ngati yagwira, ukatero ukuswa guluu asanakhwime. M'mawa gwira ndi manja awiri upotokole mwamphamvu. Ikasuntha ngakhale pang'ono, dikira, maoda a masana alipo.

Poti wasintha kapaipi, pali zina ziwiri. Throttle iyenera kukhala ndi kusewera pang'ono isanayambe kukoka chingwe, pa njinga zambiri ndi pakati pa 2 ndi 6 mm, ndipo pa chingwe pali kanati kosinthira. Kenako liza injini ili pa nyutulo, tembenuza handulo mpaka kumapeto kumanzere, kenako kumanja. Kulira kwa injini kusasinthe. Kukakwera, chingwe chakokeka kapena chadutsa polakwika, yang'ananso chithunzi chako chija.

Woyang'anira gulu:
Zikomo a Phiri, Che Mjomba, a Mwale ndi mayi athu a ku Yeoville. Ndiwonjezere kwa onse oyendetsa njinga za eni ake. Musanasinthe kanthu, muuzeni mwini wake pa uthenga wolemba, jambulani zakale zisanachoke ndi zatsopano zitalowa, ndipo sungani lisiti. Tamva madandaulo ambiri pagulu pano a anthu odulidwa ndalama pobweza njinga chifukwa cha zinthu zimene anakonza ndi ndalama zawo. Eni ena amabweza ndalama ya zipangizo ukawaonetsa lisiti, koma ukangokhala chete sangadziwe.

Kabaza wakale, Diepsloot:
Ndibwererenso ndi funso lina akuluakulu. Ine vuto langa ndi dzanzi. Ndikachoka ku Diepsloot kutsika Winnie Mandela Drive mpaka ku Sandton, kenako tsiku lonse pamsewu, madzulo zala zimakhala ngati si zanga. Ndinaona magiripu ena a siponji okhuthala. Angathandize?

A Mwale, Randburg:
Amachepetsako kunjenjemera, koma siponji imamwa madzi ndipo dzuwa la kuno limaitha msanga. Paja Joni ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, dzuwa lake limawotcha labala ngakhale kukuzizira. N'chifukwa chake magiripu amayamba kunata pa njinga zokhala panja tsiku lonse podikira maoda. Mukapeza mthunzi muziimika pamthunzi.

A Phiri, makaniko ku Booysens:
Achimwene a ku Diepsloot, musanagule siponji yang'anani kaye zinthu izi. Mabawuti ogwira injini ku felemu akamasuka, kunjenjemera konse kumathera m'manja. Mabawuti omanga handulo chimodzimodzi. Tcheni chouma kapena cholimba kwambiri chimawonjezera. Ngati tizitsulo ta kumapeto kwa handulo tinalipo ndipo tinagwa, bwezeretsani, sitinaikidwe ngati zokongoletsa. Kenako onani zogwirira za buleki ndi kilatchi. Zikayang'ana m'mwamba kwambiri, dzanja limapindika pa mfundo tsiku lonse, ndipo dzanzi limayambira pamenepo. Masulani pang'ono, muzitsitse mpaka mkono ndi zala zikhale pa mzere umodzi mutakhala pa mpando.

Giripu yokhuthala kwambiri si ya aliyense. Munthu wa manja aang'ono amachita kufinya mwamphamvu kuti aigwire, ndipo amatopa msanga kuposa kale. Labala wofewa wa kukula kwapakati ndi amene ndimaika kwa anyamata ambiri. Komanso giripu ikatha n'kuyamba kuterera, munthu amafinya osadziwa, ndiye mwina amene mwasunga mu paketi aja ndi mankhwala okwana. Dzanzi likapitirira ngakhale tsiku limene simunakwere njinga, kapena likamakudzutsani usiku, pitani ku kiliniki akakuoneni.

Che Mjomba, Mayfair:
Kuzizira nakonso kumawonjezera. Zotchinga mphepo zija zovala pa handulo, zolowetsamo manja, zimathandiza kwambiri m'mawa. Koma mukaika, yesaninso throttle ndi buleki, chifukwa zina zimakanikiza chogwirira cha buleki mphepo ikawomba pa liwiro, ndipo zina zimakhula giripu ya kumanja.

Kabaza wakale, Diepsloot:
Ndamva. A Mwale, Loweruka m'mawa mumakhalapo kuntchito? Ndikufuna ndibwere nayo tichotse akalewa ndi mpweya, ya kumanzere idakali yabwino, ndimupatse mphwanga amene yake inang'ambika.

A Mwale, Randburg:
Ndimakhalapo, koma mufike molawirira magalimoto asanachuluke. Mubwere ndi magiripu anu aja, sipiriti ndi guluu. Fayilo ndi sandipepala ndili nazo. Ndipo mukonzeke kuisiya njinga mpaka guluu aume, ndiye mutenge ya takisi yobwererera.